Posankha thunthu la mfuti, nambala ndiyo yofunika kuposa chitsulo

M'masitolo ogulitsa mfuti ku United States muli kachitsulo kena kamene mlendo angakayese kachipangizo ka njinga yamoto. Ndi ka aluminiyamu, kamakwana m'dzanja limodzi, sikafika ngakhale theka la kilogalamu, ndipo pakokha sikangatulutse chipolopolo. Komabe munthu sangatuluke nako m'sitolo asanasonyeze chitupa chake, asanalembe fomu ya boma, ndiponso dzina lake lisanafufuzidwe kuti aone ngati ali ndi mbiri yomuletsa kukhala ndi chida. Eni ake amakatcha lower receiver, ndipo ife tingati ndi thunthu la m'munsi la mfuti ya mtundu wa AR-15. Pamaso pa lamulo la dzikolo, kachitsulo kameneka ndiko mfuti yeniyeniyo. Mpope, chogunditsa paphewa ndi zina zonse ndi ziwalo wamba zimene m'zigawo zambiri zimafika pakhomo pa munthu kudzera pa positi. N'chifukwa chake anthu okonda kudzilumikizira okha mfuti zamasewera amayamba ndi funso lakuti agule thunthu lotani, ndipo amakangana za mtundu wa chitsulo, za dzina la kampani ndi za mtengo. Ine ndikuti mkangano umenewo ukuphimba nkhani yaikulu. Kusankha kwenikweni kuli pakati pa thunthu lokhala ndi nambala, logulidwa poyera kwa wamalonda wa laisensi, ndi thunthu lopanda nambala limene palibe angalilondole. Munthu woganiza bwino ayenera kutenga loyambalo, ndipo boma sililakwa likamaumiriza kuti zikhale choncho.

Kuti timvetse chifukwa chake kachitsulo kamodzi kali ndi udindo waukulu chotere, tiyambe taona mmene mfutiyi inapangidwira. AR-15 inatulukira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ku kampani yaing'ono ya ArmaLite ku California, kuchokera pa luso la katswiri wina dzina lake Eugene Stoner. Mu 1959 ArmaLite inagulitsa umwini wake ku kampani ya Colt, imene inapangira asilikali mtundu wotchedwa M16. Cha m'ma 1964 Colt inayamba kugulitsa kwa anthu wamba mtundu wina umene umatulutsa chipolopolo chimodzi chokha munthu akakoka chowombera kamodzi, kenako n'kudzilowetsera wokha chipolopolo chotsatira. Chachilendo pa mfutiyi n'chakuti ili ndi magawo awiri olumikizidwa ndi timisomali tiwiri totha kukankha ndi manja. Gawo la pamwamba limanyamula mpope ndi chitsulo chotsekera chipolopolo, pamene la m'munsi limanyamula chowombera, kanyundo komenya, malo olowetsapo kabokosi ka zipolopolo, chogwirira ndi chogunditsa paphewa. Umwini wa Colt pa kapangidweka utatha, makampani ambirimbiri anayamba kupanga ziwalo za miyeso yofanana, moti lero thunthu la kampani ina limagwirizana bwinobwino ndi mpope wa kampani inanso. Bungwe la opanga mfuti la National Shooting Sports Foundation limati mfuti za mtundu umenewu ndi zofanana nazo zimene zili m'manja mwa anthu wamba ku America zinaposa kale 20 miliyoni. Eni ake ambiri amapita nazo ku mipikisano yowombera chandamale, ena amasakira nkhumba zam'tchire zimene zimawononga minda ku Texas, ndipo sadzavulazapo munthu moyo wawo wonse. Zimenezi tizivomereze poyambirira, chifukwa nkhani ino cholinga chake sikunyoza anthu amenewo.

Tsono munthu wotere akafuna thunthu amapeza mitundu itatu ikuluikulu. Pali la aluminiyamu wosulidwa, pamene chitsulo chotentha chimapsinjidwa m'chikombole ndi mphamvu yaikulu kenako n'kuchisema bwino. Limeneli ndilo lofala, mtengo wake ndi wabwino, ndipo kawirikawiri limakhala la aluminiyamu wolimba wa mtundu wa 7075 amenenso amapangira ziwalo za ndege. Pali losemedwa ndi makina kuchokera ku chitsulo chathunthu chonga njerwa, lokongola m'maso, lolemererapo ndi lodula. Ndiye pali la pulasitiki wolimba, lopepuka ndi lotchipa, limene ambiri amalidandaula kuti limatha kung'aluka pamene chogunditsa paphewa chimalumikizana nalo. Kusiyana kumeneku n'koona, ndipo wogula sakulakwa akamafunsa ngati miyeso yake ili yolondola kapena ngati kampaniyo imalandiranso katundu wolakwika. Koma odziwa mfutiyi amavomerezana kuti mphamvu ya onga ukaphulika imathera mu mpope ndi mu chitsulo chotsekera, zimene zili kumtunda, ndipo kulunjika kwa chipolopolo kumadalira mpope, zipolopolo zake ndi dzanja la wowombayo. Thunthu la m'munsi lopangidwa pa miyeso yoyenera limagwira ntchito mofanana, kaya ndi lotchipa kaya ndi lodula. Ndalama yowonjezerayo kwenikweni imagula maonekedwe ndi dzina. Chinthu chokhacho pa thunthu chimene chimasintha tsogolo la mfutiyo, ndiponso tsogolo la anthu ena amene sadzaigwirapo n'komwe, ndi manambala ochepa odindidwa m'mbali mwake.

Manambala amenewo anabwera ndi maliro. Mu 1968 America inaika m'manda Martin Luther King Jr., amene anawomberedwa mu Epulo, ndi Robert Kennedy, amene anawomberedwa mu Juni, patangopita zaka zosakwana zisanu chiphedwere Pulezidenti John F. Kennedy ndi mfuti yoitanitsa pa positi. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Gun Control Act. Lamuloli linati aliyense wopanga mfuti zogulitsa kapena woziitanitsa kunja azidinda nambala yakeyake pa thunthu la mfuti iliyonse, linati ogulitsa akhale ndi laisensi ndipo azisunga kaundula wa malonda awo, komanso linatchula magulu a anthu osaloledwa kugula, monga amene khoti linawapezapo olakwa pa milandu ikuluikulu. Olemba lamulolo anaoneratu patali pamene anati liwu lakuti mfuti likutanthauzanso thunthu lake palokha, podziwa kuti popanda kutero munthu akanatha kugula chida chonse chiwalo chimodzichimodzi osadutsa pa chipata chilichonse. Lamulo la Brady la mu 1993 linawonjezera kufufuza mbiri ya wogula, ndipo kuyambira mu Novembala 1998 ntchitoyi imachitika kudzera mu kaundula wa pakompyuta woyendetsedwa ndi FBI. Wogula thunthu lokha kwa wamalonda wa laisensi ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 21, chifukwa thunthulo lingathe kusanduka mfuti yaitali kapena yaifupi. Aliyense amene analembetsapo galimoto ku Road Traffic amaidziwa nzeru imeneyi. Matayala, injini ndi penti zimasinthika, koma galimoto imadziwika ndi nambala ya chasisi, ndipo imene nambalayo yapalidwa aliyense amaiganizira kuti ndi yakuba.

Ntchito ya nambalayi imaoneka tsiku limene mfuti yapezeka pamalo pamene pachitika mlandu. Apolisi amatumiza dzina la kampani, mtundu ndi nambala ku likulu lolondola mfuti la bungwe la boma loona za mfuti la ATF ku Martinsburg, m'chigawo cha West Virginia. Kumeneko amafunsa wopanga kuti anaigulitsa kwa ndani, kenako amafunsa wopikulitsa, kenako mwini sitolo, mpaka atafika pa fomu imene wogula woyamba anasaina. Sikuti wogula woyambayo ndiye amakhala wolakwa nthawi zonse, koma ndi pamene mapazi amayambira. Iye amanena amene anamugulitsa, amene anamubwereketsa, kapena tsiku limene akuba anamuthyolera nyumba. Mwa njira imeneyi apolisi amagwira anthu ogulira anzawo oletsedwa, amazindikira masitolo amene mfuti zawo zimapezeka kawirikawiri m'manja mwa zigawenga, ndipo amaona njira zimene zida zimayendamo kuchoka m'zigawo za malamulo ofewa kupita ku mizinda ngati New York ndi Chicago. Nambalayo imatetezanso mwini wake wachilungamo. Mfuti ikabedwa, iye amapereka nambala kupolisi ndipo imalowa mu kaundula wa katundu wobedwa. Ikadzapezeka ngakhale patapita zaka khumi m'chigawo china, ingathe kubwerera kwa iye, ndipo lipotilo limamuyeretsa pa mlandu umene sanapalamule. Mwini mfuti yopanda nambala alibe umboni wosonyeza kuti chidacho chinali chake, kapena kuti chinamuchoka liti.

Chiboo pa mpanda umenewu chinapezeka pa funso lakuti chitsulo chimayamba liti kukhala thunthu. Amalonda ena anayamba kugulitsa mathunthu osamalizidwa amene amawatcha 80 percent lower, kutanthauza kuti ntchito yambiri yachitika kale ku fakitale ndipo yotsalayo wogula amalizitsa yekha kunyumba. Dzinali ndi la otsatsa malonda, m'lamulo mulibe. Popeza chitsulo chotere sichinkawerengedwa ngati mfuti, chinkagulitsidwa pa intaneti ndi m'misika ya mfuti popanda nambala, popanda fomu, popanda kufunsa zaka kapena mbiri ya wogula, ndipo nthawi zambiri chinkabwera m'bokosi limodzi ndi zipangizo zomalizira. Zotsatira zake ndi zida zimene anthu a kumeneko anazipatsa dzina lakuti ghost guns, mfuti zonga mizukwa, chifukwa sizidziwika kumene zinachokera. Mu 2017 apolisi anatumiza ku boma mfuti zotere pafupifupi 1,600 kuti lizilondole, koma pofika 2021 chiwerengerocho chinaposa 19,000 pa chaka. ATF inanena kuti pakati pa 2016 ndi 2021 inalandira malipoti a mfuti zodzipangira pafupifupi 45,240 zopezeka pamalo a milandu, kuphatikizapo milandu 692 yakupha kapena kufuna kupha, ndipo mwa zonsezo zimene inakwanitsa kuzilondola mpaka kwa wogula zinali 445 zokha. Ndiye kuti pa mfuti 100 zilizonse, 99 zinawasiya apolisi atagwira njakata.

Kumbuyo kwa ziwerengero zimenezi kuli mabanja olira. Pa 7 Juni 2013, ku Santa Monica m'chigawo cha California, mnyamata wa zaka 23 anapha anthu asanu, kuyambira bambo ake ndi mchimwene wake mpaka anthu amene anawapeza pa koleji ya m'deralo. Zaka ziwiri m'mbuyomo boma la California linali litamukaniza kugula mfuti m'sitolo, ndipo iye anazemba chiletsocho pogwiritsa ntchito AR-15 yolumikizidwa pa thunthu losamalizidwa. Mu Novembala 2017, ku Rancho Tehama m'chigawo chomwecho, bambo wina amene khoti linali litamulamula kuti apereke mfuti zake anapha anthu asanu, kuphatikizapo mkazi wake, ndipo anakawombera pa sukulu ya pulayimale ndi mfuti yodzipangira. Ana ambiri anapulumuka chifukwa ogwira ntchito pasukulupo anafulumira kukhoma zitseko. Mu Julayi 2023, m'dera la Kingsessing ku Philadelphia, anthu asanu anaphedwa ndi munthu amene apolisi anati anali ndi mfuti ziwiri zopanda nambala, imodzi mwa izo ya mtundu wa AR-15. Pa milandu iwiri yoyambayo pali chinthu choyenera kuchiona bwino. Lamulo linagwira ntchito yake, linamuzindikira munthu woopsa ndipo linamutsekera chipata. Chimene chinamulowetsa ndi chiboo cha pa mpanda. Ndipo aliyense wogula thunthu lopanda nambala, ngakhale mtima wake utayera chotani, ndalama yake imalimbikitsa msika womwewo umene munthu woletsedwa amaudalira.

Boma la Pulezidenti Joe Biden linayesa kutseka chiboocho. Mu Epulo 2022 ATF inalengeza ndondomeko yatsopano, imene inayamba kugwira ntchito pa 24 Ogasiti chaka chomwecho, yonena kuti bokosi la ziwalo kapena thunthu losamalizidwa limene lingathe kumalizidwa mosavuta liziwerengedwa ngati mfuti. Lidindidwe nambala, ligulitsidwe ndi wa laisensi, ndipo wogula afufuzidwe. Ndondomekoyi inakonzanso vuto lina lakale, pakuti tanthauzo la thunthu limene linalembedwa zaka 50 m'mbuyomo linkaganizira mfuti za thunthu limodzi, ndipo oweruza ena, monga wa ku Ohio mu 2019, anali atagamula kuti gawo la m'munsi la AR-15 silikukwanira bwino m'tanthauzolo. Okonda mfuti ndi amalonda anakasuma, woweruza Reed O'Connor wa ku Texas anaithetsa ndondomekoyo mu 2023, ndipo nkhani inakafika ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Pa 26 Malichi 2025, pa mlandu wa Bondi v. VanDerStok, oweruza 7 mwa 9 anagamula kuti ndondomekoyo sikutsutsana ndi lamulo la 1968. Amene analemba chigamulocho ndi Neil Gorsuch, woweruza wosankhidwa ndi Pulezidenti Donald Trump ndiponso wodziwika kuti amalemekeza ufulu wokhala ndi mfuti, ndipo amene anakana anali Clarence Thomas ndi Samuel Alito okha. Komabe chigamulochi sichinathetse nkhani yonse. Malire a pakati pa chitsulo wamba ndi thunthu akadali okanganirana, ndondomeko ya bungwe ingathe kusinthidwa ndi boma lina, ndipo makina osindikiza zinthu za pulasitiki, otha kupangira thunthu kunyumba, akunka natchipa. N'chifukwa chake chikumbumtima cha wogula chikadali ndi ntchito yaikulu.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo ndi bwino kuzimva mwaulemu. Yoyamba ndi ya mwambo ndi ufulu. Amati anthu a ku America akhala akusula mfuti m'makomo mwawo kuyambira dziko lisanayambe kudzilamulira, kuti Second Amendment, gawo la malamulo aakulu a dzikolo la mu 1791, limateteza ufulu wokhala ndi zida, ndiponso kuti lamulo la boma lalikulu limalola munthu wosaletsedwa kudzipangira mfuti wamba yoti agwiritse ntchito yekha. Zonsezi n'zoona. Koma mmisiri wakale amene ankatha milungu akusula mpope ndi kusema mtengo ndi wosiyana ndi munthu amene walandira bokosi la ziwalo zopangidwa kale ku fakitale. Woyambayo ankapanga, wachiwiriyu wagula, ndipo malonda a zida akhala pansi pa lamulo kwa zaka zambirimbiri. Ngakhale chigamulo cha Heller cha mu 2008, chimene okonda mfuti amachinyadira chifukwa chinatsimikiza kuti ufuluwu ndi wa munthu payekha, chinanenetsa kudzera mwa woweruza Antonin Scalia kuti ufuluwo uli ndi malire, ndipo sichinakayikire malamulo oletsa opalamula milandu ikuluikulu kukhala ndi mfuti kapena oika zoyenera kutsata pogulitsa zida. Chinanso, nambala siimulanda munthu chisangalalo cha ntchito ya manja ake. Wogula thunthu la nambala amasankhabe mpope, chowombera ndi galasi loonera monga akufunira. Mu Julayi 2018 California inasonyeza kuti ngakhale wofuna kumaliza thunthu yekha angathe kuuzidwa kuti ayambe wapempha nambala ku boma. Walira mvula walira matope. Wofuna ufulu wokhala ndi chida chotha kupha avomerenso kuti chidacho chidziwike mwini wake.

Mfundo yachiwiri ndi ya mantha, ndipo ndiyo yozama. Ambiri amene amasankha thunthu lopanda nambala si zigawenga ayi, koma anthu oopa kuti tsiku lina boma lankhanza lidzatenga kaundula n'kuyamba kulanda mfuti khomo ndi khomo. Ife amene tikuidziwa mbiri ya maboma opondereza sitingawapeputse mantha otere. Koma tione mmene zinthu zilili kumeneko. Lamulo la mu 1986 lotchedwa Firearm Owners Protection Act limaletsa boma lalikulu kukhazikitsa kaundula wa dziko lonse wa mfuti ndi eni ake. Mafomu amakhala kusitolo, kawirikawiri amapita ku Martinsburg sitoloyo ikatsekedwa, ndipo ngakhale kumeneko saloledwa kuwasanja m'njira yoti munthu alembe dzina pa kompyuta n'kuona mfuti zonse za mwini dzinalo. Zolemba za wogula amene FBI yamuvomereza zimafufutidwa pasanathe maola 24. M'dongosolo la boma lalikulu, nambala imayankha funso lakuti mfuti iyi yadutsa m'manja mwa ndani, osati lakuti uje ali ndi mfuti zingati. Choncho wokana nambala akudziteteza ku ngozi imene lamulo linaitchinga kale, uku akuwonjezera ngozi ina imene ikuchitika lero lino. Akuiwalanso kuti mfuti imakhalitsa kuposa mwini wake, pakuti aluminiyamu sadyeka ndi dzimbiri ngati chitsulo wamba. Mwiniyo adzakalamba, adzadwala, adzaberedwa kapena adzamwalira, ndipo chidacho chidzapita kwa mdzukulu, kwa mnzake wa mdzukuluyo, kapena kwa wakuba. Munthu angathe kulumbira za mtima wake, koma sangalumbirire manja onse amene adzagwire mfutiyo m'zaka 50 zikubwerazo.

Mfundo yachitatu ndi yakuti chigawenga sichimvera lamulo. Chidzaba mfuti, chidzapala nambala kapena chidzapeza njira ina, ndipo mfuti zambiri zopezeka pa milandu ndi zazifupi zokhala ndi nambala kale. Izinso n'zoona, ndipo ziwerengero za FBI chaka ndi chaka zimasonyeza kuti mfuti zazitali za mitundu yonse zimapha anthu ochepa poyerekeza ndi zazifupi. Koma palibe amene amachotsa loko pakhomo chifukwa chakuti akuba ena amadziwa kuthyola. Njira iliyonse imene yatsalira chigawengacho ili ndi msampha wake. Kuba kumasiya lipoti kupolisi. Kutuma wina kuti akakugulire kumasiya siginecha pa fomu, ndipo lamulo la Bipartisan Safer Communities Act la mu 2022 linaika chilango chake cha ndende chofika zaka 15, kapena kuposerapo mfutiyo ikagulidwira upandu. Kupezeka ndi mfuti yopalidwa nambala ndi mlandu pawokha, ndipo akatswiri a polisi kawirikawiri amatha kuiukitsa nambalayo chifukwa chidindo chimasiya chipsera mkati mwa chitsulo. Bokosi la pa intaneti lokha ndilo linalibe msampha uliwonse, n'chifukwa chake linkakopa achinyamata osakwana zaka ndi anthu oletsedwa. Malamulo atayamba kulimba, apolisi a ku Los Angeles anaona chiwerengero cha mfuti zopanda nambala zimene ankagwira chikutsika mu 2022 ndi 2023. Kampani ya Polymer80 ya ku Nevada, imene inali patsogolo pa malonda a mabokosiwa, inasiya ntchito mu 2024 itapanikizidwa ndi milandu ya mizinda ingapo. Lamulo silifunika kugwira mbava zonse kuti likhale laphindu. Likachepetsa maliro, lagwira ntchito.

Palinso otsutsa ochokera mbali ina, amene amati kulankhula za nambala n'kusadza nthambi n'kusiya tsinde. Amakumbutsa kuti ana 20 ndi akuluakulu 6 amene anaphedwa pa sukulu ya Sandy Hook mu Disembala 2012, anthu 17 a pa sukulu ya ku Parkland mu 2018, ndi ana 19 ndi aphunzitsi awiri a ku Uvalde mu Meyi 2022, onse anafa ndi mfuti za mtundu wa AR-15 zokhala ndi nambala, zogulidwa motsata lamulo. Kwa iwo yankho ndi kuiletseratu mfutiyi. Kholo limene linaika mwana wake m'manda silingatonthole ndi nkhani ya chidindo, ndipo lingakhale bodza kunena kuti nambala ikanapulumutsa ana amenewo. Koma ngakhale wofuna chiletso chonse ayenera kuyambira pa thunthu pomwepa. America inayesapo kuletsa malonda a mfuti zina zamtunduwu kuyambira 1994 mpaka 2004, ndipo zigawo zingapo zili ndi ziletso zawozawo lero. Malamulo onse otere, kaya okweza zaka za wogula, kaya omana chida munthu womenya mkazi, kaya oletsa mtundu wina wa mfuti, amagwira ntchito pa chipata chimodzi, pamene wogula amakumana ndi wogulitsa wa laisensi. Ngati chiwalo chachikulu chingathe kulambalala chipatacho, lamulo lililonse lomangidwa pamwamba pake ndi nyumba yopanda maziko. Nambala payokha siyokwanira, koma popanda iyo palibe lamulo lina limene lingaime.

Nkhaniyi ndi ya ku America, koma mfuti sizilemekeza malire a mayiko. Ofesi yolondoloza ntchito za boma la America, GAO, inapeza kuti mwa mfuti zimene zinagwidwa ku Mexico n'kutumizidwa kuti zilondoledwe pakati pa 2009 ndi 2014, pafupifupi 70 pa 100 zilizonse zinachokera ku United States. Zimenezi zinadziwika chifukwa cha zidindo. Mfuti zopanda nambala zikadutsa malire, ngakhale dandaulo la dziko loyandikana nalo limasowa umboni. Kuno kwathu phunziroli tinalilandira ndi misozi. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inasiya mfuti za AK-47 zosawerengeka zimene palibe ankadziwa kuti zinaperekedwa kwa ndani, ndipo zambiri zinalowa m'mayiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Malawi, n'kukhala zida za umbava kwa zaka zambiri. Bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, pansi pa utsogoleri wa Bishopu Dinis Sengulane, linayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera pofuna kuzichotsa m'midzi. Ndipo mumzinda wathu wa Blantyre, mu Ogasiti 2001, atsogoleri a mayiko a SADC anasaina pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo, limene mwa zina limafuna kuti mfuti zizidindidwa chizindikiro chakechake ndi kulembedwa mu kaundula. Ku Malawi munthu sangakhale ndi mfuti kapena kuilowetsa m'dziko popanda chilolezo. Komabe chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aphungu athu, apolisi ndi akuluakulu a kasitomu adzifunse lero ngati lamulo lathu ndi maso a ogwira ntchito m'malire zingalizindikire thunthu likabwera palokha, lisanaoneke ngati mfuti.

Tsono kwa munthu wa ku America amene akusankha thunthu la mfuti yake yamasewera, kapena m'bale wathu amene anakhazikika kumeneko ndipo malamulo a chigawo chake amamulola, langizo ndi lachidule. Za chitsulo afunse mmene angafunire, ngakhale kuti la aluminiyamu wosulidwa lochokera ku kampani yodziwika limakwanira. Koma funso loyamba likhale lakuti thunthulo lili ndi nambala kapena ayi. Agule kwa wa laisensi, asaine fomu ndi dzina lake lenileni, alembe nambalayo papepala n'kulisunga kutali ndi mfuti, akhomere chidacho m'bokosi lachitsulo mmene mwana sangafikemo, ndipo akadzafuna kuchigulitsa adutsenso kwa wa laisensi kuti wogula watsopanoyo afufuzidwe. Zonsezi zimadya mphindi zochepa ndi ndalama pang'ono, pamene chipolopolo chikatuluka sichibwerera, monga madzi akatayika sawoleka. Opanga malamulo nawonso asabwerere m'mbuyo pa ndondomeko ya 2022, koma ailembe m'lamulo lenileni kuti isamasinthe ndi kusintha kwa boma. Munthu amene akukana kuti dzina lake ligwirizane ndi mfuti yake akusenzetsa anthu ena katundu amene anayenera kusenza yekha, ndipo munthu wotero sanakonzeke kukhala ndi mfuti.